Matabwa a Siteji ya ku Drumkeela

Dublin
6 Malichi 2018

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali a Dympna. Ine kuno ndili bwino. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya" pa chilichonse, ndipo nkhani iyi siyofuna eya wotero.

Ntchito ija atipatsa. Khonsolo yasankha pulani ya ofesi yathu, ndiye holo yakale ya ku Drumkeela tiisandutsa nyumba ya zisudzo yeniyeni. Ndajambula nyumba za eni ku Hamburg zaka zambirimbiri, koma aka n'koyamba kumanga chinthu pamalo pomwe anthu anandiona ndili ndi mamina.

Musaope, sitigwetsa. Makoma amiyala aja atsala momwe alili. Tingokokota simenti yomwe anamata pakati pa miyala, chifukwa ndi imene ikusunga chinyontho, n'kubwezeramo laimu monga ankachitira akale, kuti khoma lizipuma. Denga lokha ndiye lapita, linawola. Latsopano likhala la malata otuwa, ndipo likhazikika pa mizati yake yamatabwa m'kati, osatsamira pa makoma okalambawo. Mbali yoyang'ana kunyanja tiwonjezera chipinda chagalasi chodikiriramo, kuti munthu akamamwa tiyi aziona doko ndi phiri. Mipando izungulira siteji mbali zitatu, monga momwe anthu ankakhalira m'khitchini mwa agogo wina akaimirira kuti aimbe.

Chatsala ndi siteji yanu ija. Ndi yopendekera kutsogolo, pomwe masiku ano amafuna yathyathyathya, kuti ovina asamaterereke ndiponso woyenda pa njinga ya aulumali azitha kukwerapo. Kuisunga ndingathe. Njira ndaipeza, ngakhale ndi yovuta ndipo ichedwetsa ntchito. Kuichotsanso ndingathe. A komiti akuti popeza munaikhoma ndinu, mawu ndi anu. Ndiye ndikufunsani, ndiisunge?

A nyuzipepala adzalemba zawo nyumbayi ikadzatha, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Chomwe ndikufuna ine n'choti inu mudzalowemo n'kuikonda.

Mundiuze za mwendo wa azakhali, ndiponso ngati nkhosa zayamba kuswa.

Ndine mwana wanu,
Nuala


Drumkeela
14 Malichi 2018

Nuala mwana wanga,

Kalata yako yafika, ndipo azakhali ako andiwerengera mokuwa ngati kuti makutu atatha anatenganso maso. Tili bwino. Mwendo wawo umachira tsiku lokacheza, umayambiranso tsiku lochapa. Nkhosa zayamba. Yamakani ija yaswa awiri n'kukana mmodzi, ndiye ndikumuyamwitsa ndi botolo pafupi ndi mbaula.

Za ntchitoyo ndakondwa. Ku bala kwa Tierney aliyense tsopano ndi katswiri wa zomangamanga. Festy Lavelle, uja sanamangepo ngakhale khola la nkhuku loima mowongoka, akuti galasi lako lidzapita ndi mphepo yoyamba ya mu Januwale. Wafunsanso kuti mchere wa m'nyanja ukamata pagalasipo azidzapukuta ndani. Ndamuuza kuti iye yemweyo, popeza lilime ali nalo lalitali.

Za sitejiyo usadzivutitse. Ndi matabwa chabe. Tinawatola kugombe mu 1971, sitima ina itataya katundu pa namondwe, n'kuwakhoma ine ndi malemu Packie Ruane, ndi misomali yopempha kwa mkazi wa wosula zitsulo. Kupendekerako sikunali luso ayi, pansi pa holoyo m'pomwe panali popendekera kale. Malemu amayi ako ankati ukaimapo umamva ngati anthu akukukoka ndi chingwe, ndipo n'chifukwa chake, amatero, anagwera kwa ine pa sewero loyamba lija. Koma zimenezo ndi za kale. Usachedwetse ntchito ya boma chifukwa cha nkhalamba. Chotsa, mwana wanga. Ine usandiganizire n'komwe.

Mvula ikugwa. Uzidya, pa chithunzi cha Khirisimasi chija unali ngati mpini.

Bambo ako,
Malachy Gilvarry


Dublin
20 Malichi 2018

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Zikomo poyankha msanga ndiponso mosazungulira. Mwandipeputsira katundu. Ndauza a komiti ndi kontilakitala kuti sitejiyo ichoke, ndipo ayamba kuphwasula za m'kati kumayambiriro a Meyi.

Pasaka ikangopita ndibwerera ku Hamburg kukamaliza ntchito ina yomwe ndinasiya, ndikakhala mpaka kutha kwa Meyi. Festy mumuuze kuti galasilo linayesedwa ndi mphepo yoposa mkamwa mwake.

Kamwana ka nkhosako mwakatcha ndani?

Ndine mwana wanu,
Nuala


Drumkeela
27 Malichi 2018

Iwe Nuala,

Moni ndi ameneyo, tili bwino, tiye ku nkhani. Ndine azakhali ako. Foni sindingakuimbire chifukwa ili m'khitchini, ndipo bambo ako ndi ogontha pa zonse kupatula zonena za iwo.

Kodi ku Germany kuja anakuchotsa nzeru n'kuikamo rula? Unakulira m'nyumba muno iwe. Mlendo akalowa timati, "Tiyi?" Iye amati, "Ayi, ndangomwa kumene." Timati, "Kakapu kamodzi kokha." Iye, "Ayi ndithu, musavutike." Kachitatu ketulo imakhala ili kale pamoto, ndipo mlendo yemwe uja amatsitsa makapu atatu ndi theka la keke. Kwathu kuno wovomera koyamba ndi wosaleredwa, ndipo wofunsa kamodzi ndi woumira. Izi zoti ndikuphunzitse lero, uli ndi madigiri awiri?

Bambo ako wawafunsa kangati za sitejiyo? Kamodzi. Iwo akana monga akanira munthu aliyense woleredwa, iwe n'kuti zikomo. Kalata yako itafika anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda bwinobwino, n'kuti, "Mwanayu ndi wachangu." Kenaka anatuluka opanda chipewa, mvula ili pwatapwata, kukaona nkhosa zomwe anali atangoziona kumene.

Ndinawatsatira kukhola. Ndinati, "Achimwene, mulembereni mwanayo, mumuuze kuti sitejiyo mukuifuna."

Iwo, "Ndani wati ndikuifuna?"

Ine, "Nkhope yanuyo."

Iwo, "Nkhope yanga siilemba makalata. Ndipo iwe Dympna, ukangoyerekeza kulowerera, ndikakusiya kwa masisitere."

Ndiye ndalowerera. Holo ija inatsekedwa kalekale, koma achimwene sanaphonyepo Loweruka osapita kukasesa pa sitejipo ndi kupakapo mafuta. Iwe ukudziwa kuti zisudzo za m'tauni muno anazinyamula ndi iwo zaka makumi anayi, ndipo amayi ako anasewera zisudzo moyo wawo wonse pa matabwa amenewo. Munthu sapaka mafuta chinthu chimene akuchitcha chabe.

Walemba kuti unyamuka Pasaka ikapita, choncho kalatayi ikupeza. Tenga cholembera lero lomwe, uwafunsenso. Akakana, ufunsenso kachitatu. Usatchule dzina langa.

Azakhali ako,
Dympna


Drumkeela
9 Meyi 2018

Nuala,

Moni. Kaya uli moyo, kaya. Kalata yanga ija sunayankhe, kwa bambo ako sunalembe, ndipo keyala ya ku Hamburg sunatisiyire. Iyinso ndikuponya ku Dublin komweko, ikaunjikane ndi inzake.

Dzulo aphwasula siteji ija. Sabata yatha ndinapita ndekha kwa kapitawo wa kontilakitala wako, bambo wa ku Poland, waulemu wake ndithu, kukamuuza kuti abaimika kaye. Anandionetsa pepala lokhala ndi dzina lako pansi. Ndikanatani?

Bambo ako anakaima tsidya la msewu, pakhomo pa positi ofesi, manja ali m'thumba. Matabwa akutuluka limodzilimodzi, iwo akungoyang'ana. Festy anayesa zanthabwala zake, sizinaphule kanthu, mpaka anachoka yekha. Kenaka kapitawo uja anawoloka msewu, chisoti chili m'manja.

Anati, "A Gilvarry, ndamva kuti munakhoma ndinu. Mungakonde thabwa limodzi la chikumbutso?"

Iwo, "Ayi, bambo, ndikalitani ine thabwa?"

Munthu uja n'kuti, "Chabwino," basi n'kubwerera ku ntchito yake. Nayenso wofunsa kamodzi! Koma iyeyo ndamukhululukira, ndi mlendo.

Madzulo anadya mbatata zawo zonse, kabichi yemwe, n'kuyamikira kuti ndaphika bwino. Chibadwire achimwene sanayamikirepo kabichi wanga. Lero m'mawa nyuzipepala akagula kutali, pamalo omwetsera mafuta, kuti asadutse pa holo. Sakudwala, sakukwiya, sakukutchula moipa. Akungoti, "Nuala akudziwa ntchito yake." Ine zikundiwawa, ndipo ndakukwiyira, ndinene poyera.

Kamwana ka nkhosa kaja kali bwino. Sanakatche dzina.

Azakhali ako,
Dympna


Dublin
2 Juni 2018

Okondedwa Azakhali,

Moni. Ndafika dzulo, ndipo makalata anu onse awiri ndawapeza pansi pa chitseko, pakati pa mapepala otsatsa malonda. Ulendo unasintha, ndinanyamuka Pasaka isanafike.

Choyamba ndinapsa mtima. Ndinafunsa funso lomveka, ndinalandira yankho lomveka, lolembedwa ndi dzanja lawo. Pa ntchito yanga munthu akati chotsa, timachotsa. Tikamati ayi aliyense ndi eya wobisala, palibe nyumba yomwe ingaime. Ndili ku Hamburg ndinazolowera kuti munthu akakana tiyi ndiye kuti safuna tiyi, ndipo ndinkapuma bwino nazo.

Kenaka ndinawerenganso kalata yawo ija. Munthu wosasamala za matabwa sakumbukira kumene anapempha misomali. Zinali poyera, ine ndinangoona mawu omwe ankandipeputsira ntchito.

Ndaimbira kapitawo. Matabwawo sanataye onse. Akuti mtengo wake ndi wabwino kwambiri, wa mtundu womwe sukupezekanso, ndiye anachita nawo manyazi kuwaponya kudzala. Ena anang'ambika pozula, koma pafupifupi theka ali m'shedi mwake ku Castlebar. Siteji yonse singabwerere, pansi paja athirapo kale konkire. Zomwe ndingathe ndi izi: ndiwayeretsa, ndiwakhoma pakhoma la chipinda chagalasi chija, pomwe aliyense wolowa aziyamba kuona, ndi nyali yowaunikira ndi kachitsulo kolembapo dzina la bambo, la a Packie Ruane ndi chaka. Nyumba zambiri zatsopano tikutero ndi zinthu zakale, ndipo anthu amakonda.

Muwauze mwanzeru zanu. Ine sindikudziwa poyambira. Akudya bwino?

Ndine mwana wanu,
Nuala


Drumkeela
18 Novembala 2018

Nuala mwana wanga,

Makalata ako a mu Julayi ndi Seputembala ndinalandira. Pepa pochedwa kuyankha, kunali udzu woti tiumitse, kenaka kunali kugulitsa ana a nkhosa, kenaka cholembera chinasowa. Tili bwino. Dympna ali ndi chimfine, koma sichinafike pa lilime.

Utabwera mu Ogasiti unathamanga kwambiri, sitinacheze. Ndikumvetsa, mabwana aja anali akukudikira ku holo. Unandiitana kuti tipitire limodzi, koma unaona wekha kuti ndinali ndi mpanda woti ndikonze.

Denga lako likuoneka ndili kubusa kuphiri. Dzuwa likawala limanyezimira ngati nsomba. Anthu agawikana. Ena akuti ndi lokongola, ena akuti holo yavala chipewa cha mwini wake wina. Miyala yokha aliyense akuvomereza kuti yatsitsimuka, akuti laimu uja waibwezera mtundu womwe inali nawo ife tili ana. Galasi lidakalipo. Festy akuti tidikire Januwale.

Ndamva kuti matabwa aja wawakhoma pakhoma, ndi nyali yake. Festy anakasuzumira, akuti akuoneka mwaulemu kwambiri, ngati chithunzi cha Papa. Wachita bwino, usasinthe kanthu chifukwa cha ine. Zamakonozi ine sindizidziwa. Kale thabwa la siteji ntchito yake inali kupondedwa, koma mwina nawonso matabwa amapuma pa ntchito, monga eni ake.

Khirisimasi ukubwera? Ngati watanganidwa usavutike.

Bambo ako,
Malachy Gilvarry


Dublin
25 Febuluwale 2019

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi azakhali. Pa Khirisimasi tinakamba za nkhosa, za mtengo wa mafuta ndi za maliro a anthu atatu, za holo osatchula. Ndiye ndibwerere ku pepala.

Matabwa aja ndawatsitsa pakhoma. Anzanga a mu ofesi anadandaula, akuti pa zithunzi pankaoneka bwino, koma ndawatsitsa. Tawayala pansi, kutsogolo kwenikweni kwa siteji yatsopano, pomwe wosewera amaima akafuna kuyankhula ndi anthu maso ndi maso. Sakupendekeranso, pamenepo ndalephera. Kumbuyo kwake kuli matabwa atsopano oyera, ndipo sindinapake utoto kuti afanane. Akale akuoneka akale, mabowo a misomali yanu ali pomwepo, atsopano akuoneka atsopano, ndipo akumana pa mzere umodzi popanda chopunthwitsa phazi. Ndinaimapo n'kuyankhula. Makoma amiyala aja akubweza mawu bwino kuposa zipangizo zomwe tagula.

Kutsegulira ndi Lamulungu pa 16 Juni, masana. Chaka ndi chaka, katani isanatseguke, munkatuluka inu kudzanena mawu olandirira anthu aja, otchula midzi yonse kuyambira kudoko mpaka kuseri kwa phiri. Ndikukupemphani kuti mudzawanene tsikulo, mutaima pa matabwa anuwo, wina aliyense asanayankhule m'nyumbamo. Mudzabwera?

Ndine mwana wanu,
Nuala


Drumkeela
8 Malichi 2019

Nuala mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Galasi lapulumuka Januwale, Festy akuti chaka chino mphepo inali yodwala.

Za mawuwo ayi. Ndakalamba, mano akutsogolo ndi ogula, ndipo theka la midzi ija mulibenso anthu. Upeze wachinyamata wa mawu ake. Ine usandiwerengere.

Bambo ako


Dublin
2 Epulo 2019

Okondedwa Bambo,

Moni. Wachinyamata sindikumufuna. Midzi yopanda anthuyo ndi imene ikufunika kutchulidwa, ndipo woidziwa yonse mwatsala ndinu. Ndikupemphaninso, mudzabwere.

Nuala


Drumkeela
15 Epulo 2019

Nuala,

Moni. Wandikomera mtima, mwana wanga, koma ayi ndithu. Kudzakhala akuluakulu a ku Dublin, ine ndikawachititse manyazi ndi chiyani? Suti yanga ndi ya pa maliro a amayi ako, sindikudziwa ngati njenjete zasiyako kanthu. Musavutike nane.

Bambo ako


Dublin
7 Meyi 2019

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Aka ndi kachitatu, ndipo ndikulemba ndi mtima wanga wonse. Nyumbayi ndamangira tauni, koma pojambula mzere uliwonse ndinkaganiza za inu. Mukapanda kulowamo, kwa ine ikhala yosatha. Chonde, Bambo, mudzabwere mudzatitsegulire.

Ndine mwana wanu,
Nuala


Drumkeela
20 Meyi 2019

Nuala mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndi yabwino, amayi ako akanalira nayo. Koma tsiku limenelo ndi lako, si la nkhalamba. Ndidzakhala kuno, ndidzamva kwa Dympna momwe zayendera. Ayi, mwana wanga. Zisiye choncho.

Bambo ako,
Malachy Gilvarry


Dublin
17 Juni 2019

Okondedwa Azakhali,

Moni. Ndafika bwino. Pepani kuti dzulo sitinayankhulane, ndinangokuonani patali muli ndi thireyi ya makapu, ndipo mwambo utangotha ndinakwera galimoto ya anzanga a mu ofesi.

Zinayenda bwino, mwaona nokha. Nyumba inadzaza. Dzuwa linalowa m'chipinda chagalasi monga ndinawerengera, ana a sukulu anavina osaterereka, ndipo mayi Ruane anakwera pa siteji ndi njinga yawo ya aulumali koyamba m'moyo wawo. Mawu olandirira aja ananena ndi wapampando wa khonsolo, powerenga papepala. Midzi iwiri anaitchula molakwika. Anaima kumbuyo, pa matabwa atsopano, chifukwa m'pomwe anaika choyankhulira.

Ndinachita monga munandiphunzitsira. Ndinafunsa katatu, mwezi ndi mwezi, osathamanga. Anakana katatu. Ndinaona kuti ayi wachitatu ndiye weniweni, ndipo munthu wamkulu sakakamizidwa ngati mwana. N'chifukwa chake kunyumba sindinadzereko, m'mawa kapena pobwerera. Sindinafune kuti aone ngati ndabwera kudzawaumiriza, komanso, kunena zoona, sindikanatha kukhala nawo pa tebulo n'kumakamba za nkhosa.

Sanandikhululukire, ndavomereza. A nyuzipepala akuti nyumbayo yagwirizanitsa zakale ndi zatsopano mwaluso. Ndasunga pepalalo m'kabati.

Muwapatse moni. Mundiuze ngati anafunsako chilichonse.

Ndine mwana wanu,
Nuala


Drumkeela
17 Juni 2019

Nuala,

Moni. Ndikulemba mothamanga, ndiye uwerenge momwe ungathere.

Dzulo ndinachoka pakhomo m'mamawa kukathandiza azimayi kukonza masangweji ndi tiyi. Bambo ako ndinawasiya akumeta ndevu. Mtima wanga unali m'malo, chifukwa kuyambira mu Malichi ndakhala ndikuwamva m'shedi akuyeseza mawu aja, midzi yonse mwandondomeko, nkhosa zili chete kumvetsera. Suti inapita kochapitsa ku Castlebar mwakabisira, ine n'kumachita ngati sindikuona. Ndinadziwa kuti nkhani yatha, udzadzera kunyumba kudzawatenga.

Tsiku lonse ndinali kukhitchini ya holo, m'mapoto. Nditamva anthu akuwomba m'manja ndinati ndi achimwene amenewo. Mwambo utatha ndinafunsa Festy kuti, "Ayankhula bwanji?"

Iye, "Ndani?"

Ndinasiya makapu osatsuka.

Ndinawapeza m'khitchini, pa mpando wa pawindo loyang'ana kumsewu. Suti, tayi, nsapato zopolisha, chipewa chili pa bondo. Moto unali utazima, chakudya chomwe ndinawasiyira chili chivundikirire. Anakhala pamenepo kuyambira ine nditachoka, kudikira galimoto yako.

Anati, "Zayenda bwanji?"

Ine, "Achimwene, mwavaliranji?"

Iwo, "Ndimangoyesa ngati ikundikwanabe."

Ine, "Nanga bwanji osangoyenda nokha? Ndi patali pamenepa?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ndikalowe ndekha, nditakana? Anthu akati chiyani?"

Kenaka anafunsa kuti midzi anatchula ndani. Nditawauza zomwe ndinamva panjira, kuti ndi wapampando wa khonsolo, anangoti, "Ndi munthu wabwino ameneyo," n'kupita kukavula.

Iwe mwana iwe, ndinati katatu, inde, koma si masamu! Ndinatchula katatu chifukwa ndinkakamba za tiyi. Chinthu chikakula, kukananso kumakula. Munthu amene wapwetekedwa mtima savomera papepala. Umafika pakhomo, umamuchotsera chikhoti pa msomali, umamuveka uku akukana, umamukankhira m'galimoto uku akutukwana, ndipo akafika amauza aliyense kuti anachita kumugwira. Ndi momwe amayi ako ankawapititsira kulikonse, ngakhale ku ukwati wawo womwe. Ndimayesa ukudziwa. Nanenso ndikanakuuza, ndinaona ngati n'zodziwikiratu.

Lero adzuka bwino, apita kuphiri. Suti aipachika kuseri kwa chitseko, m'kabati sanaibweze.

Azakhali ako,
Dympna


Dublin
20 Juni 2019

Bambo,

Moni. Loweruka pa 29 ndikubwera ndi galimoto. Tsikulo kulibe sewero, m'nyumbamo mudzakhala mopanda anthu, ndipo kiyi ndili naye. Kudzakhala ine, azakhali, ndi Festy ngati alonjeza kutseka pakamwa.

Iyi si kalata yofunsa.

Nuala


Drumkeela
24 Juni 2019

Nuala mwana wanga,

Moni. Tili bwino, kungoti Dympna akuyenda ngati mphaka woba mkaka, ndiye ndadziwa kuti walemba zinthu. Usamvere za iye. Tsiku lija ndinali ndi mutu, n'chifukwa chake ndinakhala pawindo.

Usabwere. Dublin ndi kutali, mafuta akwera, ndipo uli ndi ntchito zako. M'nyumba yopanda anthu ndikanenemo chiyani, ndilandire mipando? Tsiku lake linapita, ndipo linapita bwino popanda ine. Sindipita, ngakhale utabwera ndi apolisi. Festy usamuuze n'komwe, sangatseke pakamwa ameneyo, ndipo mudzi wa kwawo ndimautchula pomaliza, adzayamba kudandaula ndisanafike pakati.

Usadzivutitse, mwana wanga. Khala konko upume.

Mlatho wa kumunsi akukonza, atseka msewu. Udzere wakumtunda.

Bambo ako,
Malachy Gilvarry